Mkazi wa mu Nambala 24

Atsikana ena amachitira nsanje mkazi mnzawo, ena mowa, ena mpira. Nelly wa kwa Mphuka anayamba ndi kuchitira nsanje munthu wa papepala, ndipo ine sindimuseka, chifukwa munthu wa papepalayo ankamulandadi mwamuna dzuwa likuswa mtengo.

Dzina lake lenileni linali la Chingerezi chopotokola lilime, koma anyamata a pa boma la Feira anangomutcha Mphenzi. Ankapezeka m'timabuku ta zithunzi, makomiki, tomwe tinkabwera ndi lole ya katundu kuchokera ku Lusaka kamodzi pamwezi. Anali ndi chibangili chamkuwa padzanja. Akachigunditsa pansi ankauluka, zipolopolo n'kumangothothoka pachifuwa pake. Chomugonjetsa chinali chimodzi chokha, madzi. Akanyowa chibangili chinkazima, iye n'kusanduka munthu wamba. Womusautsa wamkulu m'timabukumo anali mkazi wobisa nkhope, wotchedwa Nyakadzidzi.

Yoram, wokonza njinga pansi pa mtengo wa msawu kuseri kwa msika, anali ndi manambala onse kuyambira yoyamba mpaka 23, m'bokosi limodzi ndi masipanala. Yoram yemweyo ndiye anapereka chikole kwa Nelly, ndipo ankhoswe anayenera kukumana mvula isanagwe.

Chinali chaka cha 1978, nkhondo ya tsidya lija la Zambezi itasefukira kuno. Ndege za ku Rodeshiya zinkadutsa pamwamba pa mtsinje, khomo lililonse linali ndi dzenje lothawiramo, ndipo mabwato ambiri anavundikiridwa pamtunda, poti wopezeka pamadzi ankafunsidwa mafunso ovuta. Malole anayamba kuyenda mondondozana ndi asilikali, atanyamula ufa ndi mchere basi. Nambala 24 sinabwere mu Juni, mu Julaye sinabwerenso.

*

Loweruka lina Nelly atagulitsa masawu ake kumsika anapatukira kwa Yoram. Anapeza mlandu wa Mphenzi uli mkati monga mwa masiku onse.

"Wafa uja," ankatero Boyd, mnzake wa Yoram, akumenya nambala 23 ndi chala. "Nyakadzidzi wamumangirira mu thanki, madzi afika pachifuwa, chibangili chazima. Mufuna chani china? Ndiye chifukwa buku sibwera. Kulibe zolemba."

"Munthu anapulumuka ku phiri la moto mu nambala 9 angafe na madzi ya mu thanki?" anayankha Yoram. "Iwe Boyd uwerenga na mimba, osati na mutu."

"Nonse awiri simuona," anatero mkazi amene anakhala pa benchi, mwendo pa unzake. "Nyakadzidzi safuna kumupha. Onani mwamene amuyang'anira apa. Mkazi uyu amukonda, mwandi. Tsiku azavula chija chobisa nkhope, muzaniuza."

Ameneyu anali Harriet, wotayipa makalata pa boma, wochokera ku Lusaka. Anali ndi tsitsi lalikulu lotukula ndi chipeso, magalasi ozungulira, ndi kadontho kakuda pamwamba pa mlomo. Ankaseka ngati boma lonse ndi la bambo ake.

"Ngati ni wamphamvu zoona," Boyd anapitiriza, "abwere kuno ku Feira agwireko ndege imodzi chabe. Osati kumangogwira akuba mawotchi m'matauni ya azungu."

Onse anaseka. Yoram anaseka mpaka kumenya Harriet paphewa, ndipo dzanjalo Nelly analiona likupita, analiona likufika, analionanso likuchedwa kubwerera.

Nelly anasiya sukulu mu Giredi 4. Zithunzi ankaziona bwinobwino, koma mawu otuluka pakamwa pa anthu a m'bukumo anali kwa iye ngati mpanda waminga. Yoram ndi Harriet ankalowa mkati mwa mpandawo n'kumasekera momwemo, iye ataima kunja ndi dengu pamutu. Chinkamupweteka kwambiri n'chimenecho, kuposanso dzanja lija.

"Ba Nelly, khalani apa," anatero Harriet akusendera. "Imwe muona bwanji, Mphenzi azapulumuka?"

"Ine nidziwa za masawu," anayankha Nelly osamuyang'ana. "Za amuna ovala kabudula wamkati pamwamba pa buluku nasiyira ophunzira."

Boyd anagwa nako kuseka. Yoram sanaseke.

*

Yoram anamuperekeza Nelly akukankha njinga, dengu lili pa kaliyala.

"Wamunyoza Harriet popanda chifukwa," Yoram anayamba.

"Oo, lomba ni Harriet chabe? Ba yake yaulemu inagwera mu thanki?"

"Nelly."

"Pa Sondo mukachoka ku tchalitchi mupita kuti, a Yoram? Kwathu munasiya kubwera. Amama afunsa ngati njinga inafa. Niwauze kuti wokonza njinga alibe njinga?"

Yoram anakanda kumutu. Anali ndi makutu otambasuka omwe ankagwedera akamabisa kanthu, ndipo tsikulo anagwedera ndithu.

"Pali kantchito kamene nichita. Nipatse masabata awiri chabe, uzaona weka."

"Kantchito ka ku nyumba ya mkazi wosakwatiwa?"

"Wakuuza ndani?"

Apa Yoram analakwitsa. Mwamuna wanzeru akanati "bodza", kapena akanaulula zonse pomwepo. Iye anafunsa wonena, ndipo kwa mkazi wansanje funso limenelo ndi kuvomera kosainira.

"Palibe waniuza," anatero Nelly. "Mwaniuza ndimwe lomba lino. Mapanga awiri avumbwitsa, a Yoram. Amalume ananena kale kuti mwamuna wa ndevu wowerenga mabuku ya ana sangasunge nyumba, ine n'kuwakanira. Nakhala nikumenyera nkhondo imwe pakhomo pathu, imwe muli kalikiliki kumenyera Mphenzi."

Anatsitsa dengu lake pa kaliyala, nalisenza, n'kumapita. Yoram anaitana kawiri. Nelly ankafuna aitane kachitatu kuti acheuke, koma kachitatuko sikanabwere.

*

Lamulungu lotsatira Nelly sanapemphere ku tchalitchi cha kwawo. Anauza mayi ake kuti akukaona wodwala, nayenda maola awiri mpaka pa boma, nakaima kuseri kwa mlambe woyang'anana ndi nyumba za antchito a boma.

Sanadikire nthawi yaitali. Pakhonde la nyumba yachitatu panali Yoram ndi Harriet, mitu itagundana pamwamba pa kabuku kolembamo ana a sukulu. Harriet ankalemba, Yoram ankaloza. Kenako Harriet anavula magalasi, nakweza chibwano, n'kukhala duu, Yoram akumuyang'anitsitsa kumaso, pensulo ili m'manja. Yoram anali asanamuyang'anepo Nelly motalika chotero.

Mawa lake Nelly anabweranso ndi masawu omwe sanasamale n'kugulitsa komwe. Anapeza Yoram atapita kukasiya njinga ya kasitomala, bokosi lili losakhoma. Kabuku kaja kanali pansi pa nambala 23.

Pachikuto panalembedwa 24 wamkulu. Nelly anatsegula. Zinali zithunzi za pensulo, zojambula Yoram mwini, zogawidwa m'timabokosi ngati komiki yeniyeni, mawu a Chingerezi atalembedwa ndi dzanja losalala la Harriet. Mphenzi anali atathyola thanki ija. Tsamba lotsatira anali kuuluka, ndipo pansi pake Nelly anazindikira malo: pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, phiri la kuseri kwa boma, msika, matenti a asilikali, ndi ndege ziwiri zikubwera kuchokera tsidya lina. Zonsezo anangozidutsa.

Anaima pa tsamba lomaliza. Mphenzi anali gone pamchenga atanyowa, ndipo makutu ake anali otambasuka. Nyakadzidzi anali atavula chobisa nkhope chija, atamugoneka mutu pamiyendo, milomo yawo itatsala pang'ono kukumana. Tsitsi lalikulu. Kadontho pamwamba pa mlomo. Masamba otsatira anali atazulidwa.

Nelly anakulunga kabukuko m'chitenje. Misozi inamupeza atadutsa kale msika.

*

Amalume ake, a Samson, anawapeza akusoka ukonde womwe unali usanalawe madzi chaka chonse. Anali m'komiti ya amuna amene anauzidwa kuti aziyang'anira alendo ndi zachilendo m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo udindowo ankaunyamula ngati mfuti.

"Munanena zoona, amalume," anatero Nelly atagwada. "Onani mweka. Bwezani chikole chake."

Anawatsegulira tsamba lomaliza. A Samson anangoliponyera diso n'kutsonya. Kenako ananyowetsa chala, nabwerera m'mbuyo tsamba limodzi, awiri, naima. Milomo yawo inayamba kuyenda.

"Folo, faifi, sikisi. Matenti sikisi. Na mfuti ikulu ili pansi pa mtengo uyu, pamene ilili zoona." Anakweza maso. "Iwe, wajambula ichi ni ndani?"

"Amalume, si apo. Onani mkazi uyu."

"Mkazi wa chani? Uyu ni mapu! Njira ya ku doko iyi, phiri ili, ndege izi. Na Chizungu pamwamba! Munthu ajambula kampu ya asilikali nkhondo ili mkati, afuna kupatsa ndani?"

Apa m'pamene Nelly anazindikira zomwe wachita. Anakumbukira mawu a Boyd aja akuti Mphenzi abwere ku Feira. Yoram anangomubweretsa papepala, basi.

"Ni nthano chabe, amalume! Ni za uja wouluka. Nipatseni, nalakwitsa."

Anatambasula dzanja, koma a Samson anali atalowetsa kale kabukuko m'malaya.

"Bomba likagwa pano sizasankha kuti uyu anali kuwerenga nthano. Nikabisa ichi, mawa omangidwa ndine."

Anakwera njinga. Nelly anawathamangira mpaka kumapeto kwa minda, akukuwa, chitenje chikumukola m'miyendo. Njinga sinacheuke.

*

M'mawa mwake, Nelly ali pamtondo osadziwa n'komwe chomwe akusinja, njinga ya chizimayi inaima pabwalo. Anali Harriet, fumbi lili mbuu m'tsitsi, thukuta likuyenderera pansi pa magalasi.

"Ba Nelly, tiyeni kuseri. Manje manje."

Atafika kuseri kwa nkhokwe Harriet sanapereke moni.

"Anamutenga dzulo madzulo. Ali ku kampu. Ati galimoto ikabwera pa Chisanu apita naye ku Lusaka, ndipo amene apita kuja na mlandu wa ukazitape sitidziwa tsiku yobwerera. Ndimwe munatenga buku?"

"Ine nitenge, imwe mutenge mwamuna?" Nelly anayankha, manyazi atasanduka ukali. "Ninakuonani pakhonde. Ninakuonani na mu buku momwe, mutamugoneka pamiyendo!"

Harriet anamuyang'ana ngati akufuna kumumenya. Kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mayo ine. Nyakadzidzi ni mfiti, Ba Nelly! Ni mdani! Ninamupempha neka kuti anijambule mfiti, chifukwa niikonda. Pa tsamba ija afuna kumuba chibangili. Mukanafunsa aliyense wa pa msawu paja akanakuuzani."

Anatulutsa m'chikwama masamba anayi opindidwa.

"Aya ninali nayo ine, nikalibe kutsiriza kulemba mawu. Anati ikatha yonse azakuwerengerani yeka, tsamba na tsamba, mu Chinyanja."

Nelly anawalandira. Patsamba loyamba bwato linkatuluka m'bango, wopalasa ali mkazi. Lachiwiri mkaziyo anakantha Nyakadzidzi ndi nkhafi pamutu. Lachitatu anakokera Mphenzi m'bwato, akumupukuta chibangili ndi chitenje chake. Lachinayi linali nkhope yokha, yodzaza tsamba lonse: duku lomangira kumbali, mpata wa pakati pa mano, ngakhale kachipsera ka pachipumi komwe Nelly anagwa nako mumtengo ali mwana. Yoram sanasowe kumukhazika pakhonde kuti amujambule. Anali naye kale m'mutu.

Nelly anakhala pansi pomwepo, nalira ngati wamva uthenga wa maliro. Anadzida, anamukonda Yoram kuposa tsiku lina lililonse, ndipo zonse ziwirizo zinamupweteka mofanana.

"Tiyeni tikawaonetse," anatero akudzuka. "Azaona kuti ni nthano."

"Muganize bwino," anatero Harriet akumulanda masamba aja. "Azaona mtsikana wa kwa Mphuka, nkhope yodziwika, apalasa mwadiya pa Zambezi, aolotsa mwamuna pafupi na kampu. Muzalowa naimwe. Yoram ananiuza na maso kuti nisayese."

"Lomba tichite chani?"

Harriet anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene fumbi linkafunira.

"Nachita kale. Mkazi ali mu buku ija ndine, ndipo ine ndine wa boma, anidziwa. Nawauza kuti Yoram ni wanga, tifuna kukwatirana, buku ni masewera ya chikondi ya ise awiri. Sajeni wayamba kumvera. Koma afuna mboni, ndipo afuna uja anapeza buku."

"Amalume azanena kuti chikole chili kwathu."

"Amalume anu anena kale kuti pakhomo panu samudziwa. Ndani afuna mkamwini kazitape?"

Nelly anamuyang'ana Harriet kumaso, kufunafuna kachimwemwe kobisika. Sanakapeze, komanso sanatsimikize kuti kalibe.

"Imwe simumufuna?" anafunsa.

"Kwerani pa kaliyala," anatero Harriet. "Dzuwa ikwera."

*

Kampu inali monga Yoram anaijambulira, matenti asanu ndi limodzi, zomwe sizinathandize konse. Sajeni anali mwamuna wonenepa wa maso otopa, atakhala patebulo pansi pa mtengo, kabuku kaja kali potsegula. Zinkaoneka kuti anakawerenga kangapo.

Yoram anakhala pansi chapatali, wopanda nsapato ndi lamba, mlomo utatupa. Ataona Nelly anayesa kudzuka, msilikali n'kumukhazika ndi dzanja.

"Ndiwe unapeza buku iyi?" anafunsa sajeni.

"Ndine, bwana."

"Unaipeza kuti?"

"Mu bokosi yake."

Yoram anatseka maso. Mpaka nthawi imeneyo ankaganiza kuti bukulo linachita kubedwa ndi munthu wina, ndipo Nelly anaona nkhope yake ikumva zoona zake.

"Unali kufuna chani mu bokosi ya mwamuna wa wene?"

Nelly anacheuka. Harriet anali pambali pake, chikwama chokhala ndi masamba aja atachipanira kukhwapa.

"Nsanje, bwana," anayankha Nelly. "Ninali kumufuna. Iye sananifune."

Asilikali awiri anaseka. Sajeni sanaseke, anangotembenuza tsamba.

"Mayi uyu akuti ni otomerana. Iwe uwadziwa. Ni zoona?"

Mbuzi inalira kuseri kwa matenti. Nelly anaganiza za galimoto ya Lachisanu ndi msewu wautali wa ku Lusaka, ndipo anatsegula pakamwa.

"Ni zoona, bwana. Boma yonse idziwa."

Sajeni analemba pang'onopang'ono, nauza Nelly kuti adinde chala pansi pa mawuwo. Inki inali yozizira.

"Chabwino," anatero akutseka kabukuko. "Ine niona ngati ni zopusa za anyamata, ngakhale mfuti waijambula bwino kupitirira. Ku Lusaka sapita pa Chisanu. Koma mlandu sunathe mpaka akulu akabwere mwezi wa mawa. Nimupereka m'manja mwa mayi wa boma uyu. Azakhala pa nyumba yake, azasaina kuno m'mawa uliwonse, ndipo saloledwa kutuluka pa boma." Analoza Harriet ndi cholembera. "Akathawa, nimanga imwe. Ndipo ngati mwaninamiza za ukwati, nizadziwa. Akulu akabwera nifuna nikaone kuti mwalembetsa ku tchalitchi."

Anamubwezera Yoram nsapato ndi lamba. Anavala mosafulumira, naimirira, nayenda kubwera komwe kunali akazi awiriwo. Nelly anasuntha phazi limodzi osadziwa.

"Iwe wansanje, pita kwanu," anatero sajeni. "Wasokoneza banja ya anthu mokwanira."

Yoram anamudutsa pafupi kwambiri moti Nelly anamva fungo la girisi pa malaya ake. Sanamuyang'ane, ndipo Nelly sanathe kudziwa ngati n'chifukwa cha sajeni kapena cha iye mwini. Harriet anamugwira Yoram padzanja, poti asilikali ankayang'ana, natuluka naye pachipata kulowera ku nyumba za boma.

Atafika pa mlambe paja, pomwe asilikali sakanawaonanso, Nelly anaima n'kuyembekeza kuti manja aja asiyane. Awiriwo anakwera masitepe a pakhonde ali chigwirire.